Chikondi m'Nkhani Zopeka ndi pa Wailesi: Mbiri ya Mawu Amene Chichewa Cholembedwa Chidawasowa

1.0 Mawu Otsogolera

Pepala lino likulondola mbiri ya mawu amene alembi a nkhani zopeka, a masewero a pa wailesi ndi a nyuzipepala akhala akugwiritsa ntchito pokamba za chikondi, ukwati ndi kugonana m'Chichewa, kuyambira nthawi ya amishoni kufikira zaka zaposachedwapa. Mfundo yathu ndi imodzi. Chichewa cholembedwa chidakula chili ndi mawu ochuluka odzudzulira ndi enanso ochuluka ozimbayitsira, koma chidasowa mawu apakati, amene munthu angatchulire nawo chinthu momveka bwino popanda kutukwana ndiponso popanda kuweruza mnzake. Tionetsa kuti kusowa kumeneku kudadza ndi eni makina osindikizira, msika wa mabuku a sukulu ndi lamulo la boma, ndi kuti mavuto ake adaonekera poyera pamene matenda a Edzi adafika. Pomaliza titchulapo zimene okonza za chiyankhulo angatolepo pa mbiri imeneyi.

2.0 Mitundu ya Mawu Zolembedwa Zisanadze

Poyamba tiyenera kukana ganizo lofala lakuti Achewa, Anyanja ndi Amang'anja sankakamba za thupi. Iwo ankakamba, koma chimene chinkayang'anitsitsidwa ndicho wolankhula, womvera ndi malo. Pa chifukwa ichi tingagawe mawu a nkhaniyi m'magulu 3.

Gulu loyamba ndi la mawu a kuchinamwali ndi a chilangizo cha ukwati, amene adali m'manja mwa anankungwi ndi ankhoswe. Mawu amenewa adali olunjika, ndipo nyimbo ndi zizindikiro zake zinkaphunzitsa popanda kubisa kanthu. Koma adali otsekeredwa, osayenera kumveka kwa mwana kapena kwa munthu wosavinidwa. Gulu lachiwiri ndi la mawu aulemu, oyenera pabwalo ndi pamaso pa apongozi: kukhala malo amodzi, kulowa m'nyumba, kukhala kumwezi, kutha msinkhu, kukhala ndi pakati. Gulu lachitatu ndi la mawu otukwana, amene amatchula ziwalo ndi zochitika mosabisa, koma ntchito yake ndi kunyoza.

Dongosolo limeneli lidali lokwanira pamudzi, chifukwa mawu ozimbayitsa ankatsamira pa mawu olunjika amene womvera adawaphunzira kale kutsimba. Vuto la cholembedwa ndi lakuti sichisankha wowerenga. Buku limagwera m'manja mwa mpongozi ndi mwa mwana yemwe, ndipo mlembi sangalithamangire kukaliletsa. Motero mwa magulu atatuwa, lachiwiri lokha ndilo lidali ndi mwayi wolowa m'mabuku mosavuta.

3.0 Amishoni ndi Mawu a Tchimo

Zolembedwa zoyamba m'chiyankhulo chathu zidatuluka m'mamishoni. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission adasindikiza mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick adaukonzanso mu 1929. Buku Lopatulika, limene mtsogoleri wa ntchito yolimasulira adali William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidatha mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri ndilo lidali buku lalikulu, mwinanso lokhalo, m'nyumba zambiri.

Omasulira Baibulo sakadatha kuzemba nkhani za thupi, pakuti Baibulo ladzala nazo. Njira zimene adatsata zidali ziwiri. Pa za mwamuna ndi mkazi wake adatsatira Chihebri pogwiritsa ntchito mneni "kudziwa", amene m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku alibe tanthauzo limenelo. Pa zochitika kunja kwa ukwati adakhazikitsa mawu monga "chigololo" ndi "dama", amene adalandira kulemera kwa guwa. Nthawi yomweyo mipingo ina idaletsa chinamwali chamakolo n'kuikapo chilangizo chachikhristu, kotero kuti gulu loyamba la mawu, lolunjika lija, lidayamba kuonedwa ngati lachikunja. Apa ndipo padabadwira gulu lachinayi, limene tingalitche mawu a tchimo, ndipo gulu limeneli ndilo lidalamulira nkhani zopeka zoyamba.

Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lidatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Bukuli lidaika chitsanzo chimene ambiri adatsata pambuyo pake: moyo wa munthu ndi ulendo wochoka m'zolakwa kunka kukutembenuka mtima. M'nkhani yotere ukwati ndi siteshoni imodzi pa ulendowo, ndipo zimene awiriwo akumva mumtima sizipatsidwa malo aakulu.

4.0 Msika wa Sukulu ndi Mkazi Wochenjezera Ena

Kuyambira mu 1948 bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau, limene likulu lake lidali ku Lusaka, lidayamba kusindikiza timabuku tambiri m'Chinyanja. Ogula enieni a timabukuti adali masukulu, ndipo buku limene mphunzitsi sakadatha kuliwerenga mokweza m'kalasi silikadagulidwa. Dziko litalandira ufulu zinthu sizidasinthe kwenikweni. Osindikiza akuluakulu a mabuku a Chichewa adali CLAIM, ya mipingo yachiprotestanti, Popular Publications ya ku Limbe, ya ansembe achimonfoti amene ankatulutsanso magazini ya Moni, ndi Dzuka, imene idali m'gulu la makampani a Pulezidenti Banda. Mlembi wofuna kuti buku lake lione dzuwa ankadziwa bwino makomo amene ayenera kugogoda.

Mitu ya mabuku yokha ikutiuza zambiri. Zomfula Mkazi Wachimasomaso, buku la Jacob Zulu wa ku Zambia, likupereka chigamulo pachikuto penipeni wowerenga asanatsegule tsamba loyamba. Mkwatibwi Wokhumudwa la P. P. Litete ndi Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba ali ndi mitu yolozera ku chisoni kapena ku chenjezo, ndipo Madzi Akatayika la Willie Zingani latenga mwambi wonena za chinthu chosabwezeka. Sitikunena kuti mabukuwa ndi opanda luso. Ena mwa iwo ali ndi Chichewa chokoma kwambiri chimene chidalembedwapo. Chimene tikuona ndi chakuti chikondi chidalowa m'nkhani zopeka za Chichewa ngati mlandu wofuna chigamulo, ndipo m'nkhani zambiri zazifupi za m'magazini a nthawiyo wozengedwa mlanduwo adali mkazi, makamaka wa m'tauni, amene mathero ake adali mimba yopanda mwini, matenda kapena kubwerera kumudzi ali wamanyazi.

Pano pali mfundo ya malamulo a chiyankhulo yofunika kuisamala. Zimadziwika kuti m'Chichewa mwamuna amakwatira pamene mkazi amakwatiwa, mwamuna amafunsira pamene mkazi amafunsiridwa. Ndiye kuti mwamuna amatenga mneni wochita, mkazi wochitidwa. Ena afulumira kunena kuti ichi ndi chithunzithunzi cha mphamvu za amuna. Koma tikumbukire kuti pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, pansi pa ulamuliro wa eni mbumba, komabe mneni sasintha. Motero msintho wa mneni pawokha sungatiuze amene ali ndi mphamvu m'banja. Chimene chili ndi tanthauzo ndicho kusankha kwa mlembi pamene chiyankhulo champatsa njira ziwiri. Chichewa chili ndi mphatikiri "-an-", amene amaonetsa kuchitirana: kukondana, kukwatirana, kumvana, kugonana. Mlembi amene alemba kuti mnyamata "adamupatsa mimba" kapena "adamuononga" wasiya dala njira imeneyi, ndipo wasandutsa mkazi kukhala chinthu chochitiridwa.

Chizolowezi china cha nkhani zimenezi chikukhudza aneni "kukana" ndi "kulola". Mtsikana wamakhalidwe ankayenera kukana poyamba, kapena kupempha nthawi yoti akaganize, ndipo mnyamata wolimbikira ndiye ankapambana. Wowerenga wachinyamata adaphunzira pamenepo kuti kukana kwa mkazi ndi khomo lolowera ku kulola. Tidzabwereranso ku mfundo imeneyi.

5.0 Lamulo la 1968 ndi Kusamukira kwa Chikondi ku Chingerezi

Chaka cha 1968 chili ndi zinthu ziwiri zimene olemba mbiri ya chiyankhulo sazilumikiza kawirikawiri. M'chakachi msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act. Chichewa chidakwera pampando nthawi imodzi ndi mlonda wake. Lipoti la Africa Watch la 1990 lidanena kuti m'zaka zake zoyamba Censorship Board idaletsa mabuku oposa 800. Zithunzi za kanema zinkadulidwa pamene anthu akupsompsonana, ndipo mu 1973 lamulo la Decency in Dress lidaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, kufikira pamene lidachotsedwa mu 1993.

Bungwe la Chichewa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidapatsidwa ntchito ya malamulo a kalembedwe ndi mtanthauziramawu, ndipo mzimu wake udali wofuna Chichewa "chenicheni", choyera, chopanda mawu a m'tauni. Pa wailesi ya MBC, imene idali yokhayo m'dziko muno kufikira zaka za m'ma 1990, masewero otchuka monga Kapalepale ankakamba za mabanja sabata ndi sabata, koma mwanthabwala ndi mwachilangizo: mwamuna woledzera, mkazi wamiseche, apongozi olowerera. Wailesi ya kanema idayamba mu 1999, kotero kuti kwa zaka 35 chilandirire ufulu, khutu lokha ndilo linkalandira zithunzi za banja m'Chichewa.

Kodi wachinyamata wofuna nkhani yachikondi ankapita kuti? Ankapita ku Chingerezi. Mabuku a Mills & Boon ankayenda m'manja m'manja m'masukulu a sekondale mpaka zikuto kuthothoka. Kuyambira mu 1977 kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mabuku a Pacesetters, olembedwa ndi Aafrika m'Chingerezi chosavuta, ndipo Mmalawi Dede Kamkondo adali mmodzi mwa alembi ake. Aubrey Kalitera, amene buku lake A Taste of Business lidatuluka ku Nairobi mu 1976, adayamba kudzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980, monga Why Father Why, pamodzi ndi magazini ya Sweet Mag, ndipo zonsezi zidali m'Chingerezi. Sukulu nayo idathandizira: mwana ankaphunzira m'Chichewa kufikira Sitandade 4, ndipo pofika msinkhu wolemba kalata yachikondi, chiyankhulo chake cholembera chidali chitasanduka Chingerezi.

Motero ntchito idagawika pakati pa ziyankhulo ziwirizi. Chingerezi chidatenga kufunsirana, kulakalaka ndi kunong'onezana. Chichewa chidatsala ndi chinkhoswe, chilangizo ndi mlandu. Ngakhale mawu a chikondi amene adalowa m'Chichewa cha m'tauni, monga "dalingi" ndi "bebi", ndi umboni wa kugawikana kumeneku. Zofanana ndi izi zidachitika ku Onitsha m'dziko la Nigeria, kumene timabuku ta pamsika, monga Veronica My Daughter ka Ogali A. Ogali ka mu 1956, tidaphunzitsa achinyamata olankhula Chiigbo kukondana m'Chingerezi. Koma ku Tanzania njira idali ina. Euphrase Kezilahabi adalemba Rosa Mistika mu 1971 m'Chiswahili, kukamba poyera za mtsikana wa sukulu ndi amuna omudyera masuku pamutu. Bukulo lidaletsedwa kwa kanthawi, koma pambuyo pake lidaloledwanso ndi kuwerengedwa m'masukulu. Chiswahili ndi Chichewa ndi ziyankhulo za banja limodzi, zokhala ndi zipangizo zofanana zoumbira mawu. Kusiyana kwake kudali pa amene adagwira makina ndi pa zimene boma lidalola.

6.0 Edzi ndi Kufunika kwa Mawu Apakati

Chizindikiro choyamba cha vuto chidaoneka pa nkhani ya kubereka. Boma la Banda, limene lidakaniza njira zamakono zochepetsera ana m'zaka za m'ma 1960, lidavomera mu 1982 ndondomeko yotalikitsa nthawi pakati pa ana. Mawu amene adakhazikika ndiwo "kulera", amene tanthauzo lake lakale ndi kusamala mwana kufikira atakula. Uku kudali kufutukula tanthauzo kwanzeru, pakuti kudaveka chinthu chachilendo chovala chaulemu, ndipo lero palibe amene amadabwa akamva za njira zolerera. Koma kudaonetsanso kuti nkhani yotere ikadaloledwa pokhapokha itayang'ana kwa mwana ndi kufulatira zochitika pakati pa makolo ake.

Munthu woyamba wodwala Edzi adapezeka m'Malawi mu 1985. Apa kuzimbayitsa sikukadathandiza, chifukwa uthenga wake udafuna kutchula chimene anthu amachita, ndi yani, ndiponso motani. Anthu adaumba okha maina a matendawa, monga "magawagawa", "kaliwondewonde" ndi "matenda a boma", ndipo Francis Moto adasanthula ena mwa mawu otere m'nkhani yake ya mu 2004 ya mu Nordic Journal of African Studies. Koma mauthenga oyamba a boma ndi a mipingo adatola mawu amene adali pafupi, a gulu lachinayi lija: chiwerewere, chigololo, uhule, chimasomaso. Mawu amenewa ali ndi vuto lalikulu pa ntchito ya zaumoyo. Mayi wokhulupirika m'banja lake akamva kuti matendawa amafala ndi chiwerewere, amadziona wotetezeka, ngakhale kuti angawatengere pamphasa yake yomwe. Ndipo amene wapezeka nawo amaona kuti mlandu wake wagamulidwa kale, kotero amabisala. Nkhani zopeka za zaka 50 zidali zitaphunzitsa kale kuti matenda ndiwo malipiro a mkazi wa m'tauni, ndipo Edzi idangolowa m'chikombole chimene idachipeza.

Mawu apakati adayamba kumera pambuyo pa 1994, pamene malamulo atsopano oyendetsera dziko adapereka ufulu wa kulankhula. Malo ake enieni adali masewero a pa wailesi, monga Tinkanena, Zimachitika la Story Workshop ndi Tikuferanji. Sewero lopitirira sabata ndi sabata lili ndi mphamvu imene chikwangwani chilibe: liyenera kuika mawu m'kamwa mwa mwamuna ndi mkazi amene akukambirana zokayezetsa magazi, ndipo mawuwo akamveka achilendo omvera amaseka n'kutseka wailesi. M'nyengo imeneyi "kugonana" adasanduka mawu oti wowerenga nkhani angawatchule popanda kutsokomola. "Kugonana mosadziteteza", "matenda opatsirana pogonana", "kachirombo", "kondomu" ndi "kugwiririra" adakhazikika. Ndipo miyambo monga fisi, kusasa fumbi ndi kulowa kufa idatchulidwa maina ake pagulu. Taonani kuti mawu amene adapambana ndi aja okhala ndi "-an-", osaloza chala munthu mmodzi.

Njirayi sidali yosalala. Kondomu ya Chishango idayamba kugulitsidwa mu 1994, ndipo dzina lake ndi fanizo labwino la chida chodzitchinjirizira. Koma mu 2002, pamene paketi yake ndi zikwangwani zidaonetsa ntchafu ya mkazi, atsogoleri a mipingo adadandaula ndipo Censorship Board idalowererapo mpaka chithunzicho chidasinthidwa. Mbali ina, ufulu udabweretsa msika wa nkhani zamanyazi. Harri Englund, m'buku lake la mu 2011 lonena za pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya MBC, adaonetsa mmene nkhani zotumizidwa ndi omvera, zambiri zokhudza mabanja, zidasandukira bwalo loweruzirapo makhalidwe a anthu amphamvu ndi anthu wamba. Nyuzipepala ya Weekend Times, imene idatchuka ndi nkhani za zibwenzi za anthu odziwika, idaletsedwa kwa kanthawi mu 2010. Mawu a chigamulo sadafe. Adangopeza omvera atsopano.

7.0 Zimene Okonza za Chiyankhulo Angatolepo

Nkhaniyi siyidathere pa Edzi. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Malamulo otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amafika kwa anthu kudzera mwa womasulira wa kukhoti, namwino, mphunzitsi ndi wapolisi. Mtsikana akanena pamaso pa woweruza kuti bambo uja "adandichita zoipa" kapena "adagona nane", walankhula Chichewa chabwino chaulemu, koma khoti limafuna kudziwa chenicheni chimene chidachitika, ndipo womasulira amatsala pakati pa mawu osamveka ndi mawu otukwana. Chimodzimodzinso, ngati nkhani zathu zipitiriza kuphunzitsa kuti kukana ndi chiyambi cha kulola, mawu akuti "kuvomera" sadzakhala ndi mphamvu imene lamulo likuwapatsa.

Pa chifukwa ichi tikupereka maganizo 3. Loyamba, ntchito yoyambirira ikhale kusonkhanitsa mawu amene alipo kale tisanaganize zopeka atsopano. Mbiri yaonetsa kuti mawu amene adakhazikika ndi amene adayesedwa m'kamwa mwa ochita masewero ndi omvera awo. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Bungwe la Chichewa mu 1996 ndipo idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ingathe kutsogolera kusunga zolemba za masewero a pa wailesi, nkhani za m'magazini akale ndi nkhani zachikondi zimene achinyamata akulemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, mmene Chichewa chabwereranso ku ntchito imene chidalandidwa, ngakhale chosakanizika ndi Chingerezi.

Lachiwiri, mtanthauziramawu aliyense aonetse gulu la liwu lililonse: laulemu, lapakati, lodzudzula kapena lotukwana. Wophunzira ayenera kuuzidwa kuti "ubwenzi" ndi "chibwenzi" ali ndi tsinde limodzi koma mphatikiram'mbuyo wasintha nkhani yonse, ndi kuti "hule", "woyendayenda" ndi "wogulitsa thupi" salemera mofanana. Kusiya mawu ena kunja kwa buku chifukwa cha manyazi ndi kusiya womasulira wa kukhoti wopanda chida.

Lachitatu, anankungwi ndi alangizi a m'mipingo afunsidwe nzeru. Iwo ndiwo asunga gulu la mawu olunjika limene zolembedwa zidalikana kuyambira pachiyambi, ndipo amadziwa malire a chimene chinganenedwe kwa yani. Sizonse za kutsimba zingalowe m'buku, ndipo eni ake ndiwo anganene zoyenera kutuluka. Koma komiti yopeka mawu a ziwalo za thupi popanda iwo idzangomasulira Chingerezi, monga omasulira a 1922 adamasulira Chihebri.